Ndinabwereketsa Mwana Wanga Kuti Aphunzire

1

Musanandiweruze, ndimvereni kaye. Ine ntchito yanga ndi yokolopa, ndipo sindichita nayo manyazi ngakhale yandithyola msana ndi kundiumitsa zikhatho ngati chikopa. Ndimakolopa pa sukulu ina ya ana a anthu olemera, sukulu yoti kapinga wa pabwalo amamwa madzi ambiri kuposa ife a m'dera lathu. Ana a kumeneko amatsika m'magalimoto akuyasamula, chikwama kuwanyamulira dalaivala. Dzina langa salidziwa. Kwa iwo ndine Anti a Mopu basi.

Pa sukulu yomweyo pali achemwali anga, mphunzitsi wa masamu. Tinayamwa bere limodzi, koma abambo ndi osiyana. Abambo awo anali a muofesi, anawatenga ali aang'ono n'kukawaphunzitsa mpaka kukoleji. Anga ankasoka nsapato pakhonde la sitolo, ndipo maso atayamba kuwavuta sukulu yanga inathera pomwepo. Achemwali ndi aatali, oyera, oyenda ngati pansi anachita kugula. Ine ndine wamfupi, wakuda bii. Palibe amene angatiganizire kuti ndife amodzi, ndipo iwo ankafuna zikhale choncho. Tsiku limene anandipezera ntchito anandiuza mosapsatira kuti, "Kuno ndine Madamu. Zauchemwali uzizisiya pageti."

Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi. Ndinkamutcha Katsabola chifukwa ali khanda akalusa, mdadada wonse unkadziwa. Bambo ake anapita kokasaka ntchito mwanayo akukwawa, mpaka lero akusakabe. Katsabola anali ndi mutu wakuthwa. Asanayambe n'komwe sukulu ankawerenga zikwangwani za masitolo, n'kumandikonza ine ndikaphonya. Koma sukulu ya kwathu, inu! Ana mpaka pawindo, mphunzitsi mmodzi wa mawu osasa, buku limodzi kuligwira anthu ngati mtembo.

Kumene ndimakolopako kunali lamulo: mwana wa mphunzitsi amaphunzira ulere. Wa wokolopa, wa wophika, wa mlonda, ameneyo geti azilionera kunja.

Tsiku lina masana achemwali anabwera kuchipinda changa cha lendi. Anakhala pamphepete penipeni pa bedi ngati liwaluma. Iwo Mulungu sanawapatse mwana.

"Ndipatse mwanayu," anatero. "Ndikamulembetsa ngati wanga. Azikhala ndi ine kunyumba za aphunzitsi."

"Bodza limenelo, achemwali?"

"Bodza lili pati? Si ndine mayi ake aakulu? Iwe ukungondibwereka. Akamaliza sukulu udzamutenga pamaso pa aliyense, ndi wako. Kapena ukufuna adzakulandire mopuyo?"

Mawu omalizawo ndi amene anandigwetsa. Ndinamulongedzera tizovala take m'jumbo ndi manja angawa.

2

Anthu amati kutalikirana ndi mwana n'kowawa. Sanayesepo kumuona tsiku lililonse osamupatsa moni. Ankadutsa pakhonde limene ndakolopa, yunifolomu yositidwa bwino, masokosi oyera mbee, ine n'kumayang'ana m'ndowa ngati muli chachilendo. Ndinkadziwa kuti lero sanagone bwino, lero chimfine chikumuyamba, lero wina wamukhumudwitsa. Zonsezo ndinkaziona ndi kangodya ka diso, pakamwa nditatseka.

Tsiku lina anaterereka pamasitepe n'kudzicheka bondo. Ndinaponya mopu uko n'kuthamangira pomwe anali. Ndisanamukhudze, achemwali anali atafika kale.

"Anti, bweretsani madzi aukhondo," anandilamula osandiyang'ana.

Mwana anatambasula manja akulira. "Mami!"

Sankaitana ine. Ndinapita kukatunga madziwo, ndipo theka linatayikira m'njira.

Poyamba patchuthi ankabwera kwathu. Tinkagona bedi limodzi, iye n'kumandifotokozera za sukulu mpaka ine tulo. Kenako tinayamba kumva madandaulo. Chimbudzi chogawana ndi mabanja ena chinkamusanzitsa. Wailesi ya aneba inkamupweteketsa mutu. Chiyankhulo chathu chinayamba kumutulukira m'mphuno, chosakaniza ndi chizungu choti ine ndizingogwedeza mutu ngati ndamva. Atakula pang'ono kunabadwa maphunziro apadera a patchuthi, amene sankatha. Ankabwera Loweruka masana, kukhala pamphepete pa bedi ndendende ngati mayi ake aakulu, dzuwa lisanapendeke n'kuyamba kuyang'ana kukhomo.

Mayi wa chipinda choyandikana nane, amene pakamwa pake sipatsekeka, anandifunsa tsiku lina kuti, "Kodi mlendo uja amabwera kudzakuonani kapena kudzayendera nyumba?"

Ndinaseka naye, koma mkatimu munkawira. Ndinkadzitonthoza ndi chinthu chimodzi: pa sukulu pathu ana akamamaliza pamakhala mwambo wotsanzikana, ndipo mwana aliyense akaitanidwa kutsogolo, makolo ake amaimirira holo yonse n'kuwaombera m'manja. Zaka zonsezo ndakhala ndikuyala mipando ya mwambo umenewo. Ndinkadziuza kuti tsiku lina mpando umodzi udzakhala wanga.

3

Chaka chake chomaliza chinafika. Katsabola anali woyamba m'kalasi, komanso ndiye anasankhidwa kutsogolera ophunzira onse. Aphunzitsi ankagwira achemwali dzanja m'makonde. "Madamu, mwana ameneyu anatengera mutu wanu!" Ine ndili pambali ndi ndowa.

Ndinawapeza achemwali kuseri kwa laibulale.

"Nthawi ija yakwana," ndinatero. "Pamwambo ndikaimirira ndine."

Anayang'ana uku ndi uku. "Tsitsa mawu. Ukufuna andichotse ntchito? Ukufuna mwana amuthamangitse mayeso ali pakhomo?"

"Munalonjeza."

"Ndinati akamaliza. Sanamalize."

"Nanga akamaliza mudzati chiyani? Adikire amalize koleji? Akwatiwe kaye? Ndidzamutenga ndili m'bokosi?"

Nkhope yawo inali yachilendo, ngati munthu amene wanyamula chinthu chotentha koma alibe poti achitule. Ine ndinangoti ndi dyera la munthu wakuba. Anatembenuka n'kumapita, nsapato zawo zikugogoda pasimenti yomwe ndinali nditangoipukuta.

4

Chaka chomwecho kunabwera ahedi atsopano, mayi wachikulire wa magalasi. Anali ndi khalidwe lodabwitsa: ankatipatsa moni ife okolopa. Tinkakayikira kuti mwina akufuna kuchotsa anthu ntchito, n'chifukwa chake akutiloweza nkhope.

M'mawa wina ndikupukuta mawindo a ofesi yawo anandifunsa, "Mayi, muli ndi ana?"

"Mmodzi, bwana. Amakhala kwa achibale."

"Bwanji simunamubweretse kuno?"

Ndinaseka. Ndinkayesa nthabwala za anthu okhuta. "Kuno, bwana? Mwana wa wokolopa?"

Anavula magalasi. "Chimenechi ndiye chikundizunguza mutu chibwerereni. Lamulo linasintha kalekale. Mwana wa aliyense wogwira ntchito pano amaphunzira ulere, kaya ndi wa mlonda, kaya ndi wa wophika. Koma palibe ngakhale mmodzi wa inu amene anabweretsa mwana. Ndimayesa simufuna."

Kansalu kanagwa m'manja mwanga. "Linasintha liti?"

"Chaka chimene anamanga holo yatsopano. Analengeza pamsonkhano wa ogwira ntchito onse."

Msonkhano wa ogwira ntchito onse! Abale, lekani ndikuuzeni mmene msonkhano umenewo umayendera pa sukulu pathu. Ife okolopa timalowa koyamba kukayala mipando. Timalowanso kachiwiri ndi tiyi, ndipo tikangotsegula chitseko wolankhula amaima, onse ziii, kudikira kuti tithire n'kutuluka. Kachitatu timalowa kukatola makapu, anthu atabalalika. Ophika amakhala ali kukhitchini, alonda ali pageti. Ndiwo msonkhano wa onsewo. Nkhani yokhudza ana athu inakambidwa ife tili kuseri kwa chitseko ndi thireyi, ndipo mwa aphunzitsi onse amene anamwa tiyi wanga tsiku limenelo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti n'koyenera kutitsina khutu. Akanatiuziranji? Kuti mwana wa mlonda adzakhale desiki imodzi ndi wawo?

Chaka chimene anamanga holo, Katsabola anali akadali ndi magweru, mano akutsogolo atangoguluka. Ndikanamutenga akadali wanga. Ndipo achemwali pamsonkhanopo analipo, ndikukumbukira ndinawathirira ndekha tiyi wopanda shuga.

"Mayi, muli bwino?" anafunsa ahedi.

"Ndili bwino, bwana. Fumbi landilowa m'maso."

5

Ndinapirira mpaka belu loweruka. Ndinawapeza achemwali m'kalasi mwawo akuchonga makope. Katsabola anali kumbuyo, akuwerenga. Ndinalowa mopu uli m'manja n'kumenyetsa chitseko.

"Wakuba iwe!"

Chibadwire ndinali ndisanawatchulepo kuti iwe. Cholembera chinaima.

"Unkadziwa! Lamulo linasintha mwanayu ali ndi magweru, iwe uli pomwepo, ukumwa tiyi wanga! Zaka zonsezi ukundiopseza ndi lamulo lakufa!"

"Khala pansi, mng'ono wanga."

"Lero ndiye ndakhala mng'ono wako? Si Anti? Mimba yako inakana, ndiye unaona kuti uberekere pa yanga?"

Mawu amenewo ndi oipa, ndikudziwa. Ndinawasankha dala chifukwa ndinkafuna alase pamene pamapweteka. Achemwali anangogwira pakamwa, misozi ili chuchuchu, osadziteteza ngakhale ndi liwu limodzi. Kukhala chete kwawoko kunandiwonjezera moto. Ndinakweza mopu, ndipo sindikudziwa chimene ndikanachita.

"Asiyeni."

Anali Katsabola. Anali ataimirira, buku lili pachifuwa.

"Iwe khala chete, sukudziwa zimene mayi ameneyu watichita."

"Ndikudziwa. Anandiuza tsiku lomwelo la msonkhano. Anabwera kunyumba akusangalala, akuti tipite kwa amayi ako tikawauze. Ndine ndinakana."

Ndinamuyang'ana ngati walankhula chizungu chake chija.

"Ndinalira mpaka anandilonjeza kuti sakuuzani," anapitiriza. "Chaka chilichonse amandifunsanso. Chaka chilichonse ndimakana. Musawatukwane, iwo amangosunga zanga."

Ndinakhala pa kadesiki ka ana, mopu uli pamiyendo.

"Chifukwa chiyani, mwana wanga?"

"Mukufuna ndinene?"

"Nena."

"Mumadziwa zimene amachita mukangotuluka m'kalasi? Amatsanzira kayendedwe kanu. Amagwira mphuno, amati mwasiya fungo la mankhwala a m'chimbudzi. Wina akalakwa samu amamuuza kuti udzakwatiwa ndi mwana wa Anti a Mopu." Anafinya buku lija pachifuwa. "Ndipo ine ndimaseka nawo. Ndikapanda kuseka angandifunse chifukwa."

"Ndiye ndinabereka mwana woti azindiseka?"

"Munabereka mwana womvera. Sabata yanga yoyamba pano ndinakuonani pakhonde, ndinathamanga ndikukuwa kuti amayi, amayi. Munandikokera kuseri kwa chitseko n'kundipotokola khutu mpaka linatuluka magazi. Munati, kuno ndine Anti, ukadzabwerezanso udzaona. Ndinamva, amayi. Sindinabwerezenso."

Ndinafuna kukuwa kuti ndinkakuteteza, ndinkaopa angakuthamangitse, ndinkachitira iwe! Zonsezo n'zoona.

Achemwali anapukuta nkhope. "Tiyeni kwa ahedi tonse atatu. Ndikanena ndekha kuti ndinanama. Ntchito ikatha ithe, ndatopa nazo."

"Ayi!" Katsabola anagwada pansi, pasimenti, yunifolomu yoyerayo osaiganizira. Anandigwira maondo. "Amayi, chonde. Anzangawa makolo awo ndi amene ali ndi maofesi. Ndikadzamaliza koleji ndi kwa iwo kumene ndidzakagogode. Mwana wa Madamu amamulowetsa pabalaza, amamufunsa kuti ukufuna kudzakhala ndani. Mwana wa wokolopa amamuuza kuti adikire pageti. Inu mukudziwa kuti sindikunama. Munandituma kuti ndikwere, ndakwera. Musandigwetse ndatsala pang'ono."

Aka kanali koyamba pa sukulu imeneyo kundigwira ndi manja ake, ndipo ankandigwira pondipempha kuti ndisakhale mayi ake. Chimene chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti ndinasowa pomutsutsa.

6

Tsiku la mwambo ndinayala mipando ngati zaka zonse. Anandiika pa tebulo la tiyi, kumbuyo kwa holo. Makolo analowa akununkhira, azimayi zipewa zazikulu ngati malichero, azibambo mafoni ali kukhutu.

Katsabola analankhula m'malo mwa ophunzira onse. Chizungu chinkangoyenderera, anthu n'kumagwedeza mitu. Ine sindinamve zambiri, koma ndinamva kuti mwana ameneyu palibe angamuuze kuti adikire pageti. Kenako anamuitana kuti alandire mphoto, ndipo ahedi anati, "Kholo la mwana ameneyu liimirire."

Achemwali sanaimirire msanga. Anatembenuka pampando, kundifunafuna kumbuyo, mpaka maso athu anakumana. Ankandipatsa mpata. Ndikanangoika ketulo pansi n'kuyenda pakati pa mipando, nkhani ikanathera pomwepo. Ndinayang'ana kutsogolo. Mwana wanga anali atagwira mphotoyo ndi manja awiri, akundiyang'ana ndi maso a munthu amene waona galimoto ikubwera pa iye.

"Tiyi, Anti," anatero bambo wina akundilozera kapu, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinamuthirira. Achemwali anaimirira pang'onopang'ono, holo yonse n'kuwomba m'manja.

Anthu atatuluka kukajambulitsa pakapinga, ine ndinapita kukachipinda kosungira ndowa ndi matsache, kuseri kwa holo. Ndinakhala pa ndowa yovundikira. Sindinalire, mkwiyo unali utaumitsa misozi.

Chitseko chinatseguka. Anali iye, mkanjo wa mwambo uli m'thupi, mphoto ili m'manja. Analowa msanga n'kutseka chitseko, kukankhiranso kachitsulo kake. Atatero m'pamene anatembenuka.

"Amayi."

Anandikumbatira mwamphamvu, akulira ngati Katsabola wakale uja. Anandiika mphoto m'manja. "Ndi yanu iyi. Tijambulitse."

Anatulutsa foni, tsaya lake pa langa. Tinajambulitsa momwemo, kumbuyo kwathu kuli matsache ndi zigubu za sopo. Panja anzake anayamba kumuitana.

"Ndidzakuchotsani muno, amayi. Ndikadzangoyamba ntchito, simudzagwiranso mopu."

"Pita, akukudikira."

Anapukuta maso, kukonza mkanjo. Anatsegula chitseko pang'ono n'kusuzumira kaye mbali zonse asanatuluke.

7

Owerenga anzanga, ndakufotokozerani zonse, zanga zomwe. Tsopano ndiuzeni, ndikwiyire ndani? Ndayesa kukwiyira achemwali, koma anangosenza katundu amene mwana anawasenzetsa, ndipo mawu amene ndinawalasa nawo aja mpaka lero sindinapeze pobwezera. Ndayesa kukwiyira mwana, koma sanadzipotokole yekha khutu. Ndikafuna kudzikwiyira ndekha ndimadzifunsa kuti, ndikanamusiya ku sukulu ya kwathu ija, lero bwenzi ali kuti? Mkwiyo ulipo wodzaza chifuwa, koma woulandira palibe, chifukwa amene anakonza dziko kuti mwana azisankha pakati pa mayi ake ndi tsogolo lake sabwera kudzaima pamaso pako. Amangokupempha tiyi.

Inu amene mumakhala m'misonkhano, mukamva nkhani yokhudza amene akukuthirirani tiyi, tsegulani pakamwa. Sizikuchotserani kanthu. Ine ndinayenda ndekha kukhitchini ndi kugeti kuuza anzanga za lamulo lija. Ena sanakhulupirire, ena anachita mantha. Mlonda wina anandifunsa ngati n'kwanzeru kubweretsa kamtsikana kake. Ndinamuuza kuti akabweretse, adzakaseka ndithu, koma tsiku loyamba alowe nako pageti atakagwira dzanja, yunifolomu yake ya ulonda ili m'thupi, aliyense aone.

Katsabola ali kukoleji tsopano, ndipo akuti akukhoza kwambiri. Ine ndikukolopabe. Amandiimbira foni kawirikawiri, sindinganame. Akayamba ndi "Halo, muli bwanji kumeneko?" ndimadziwa kuti ali ndi anzake, ndipo ndimayankha mwachidule kuti ndisamuvutitse. Akayamba ndi "Amayi," ndimadziwa kuti m'chipindamo ali yekha.